Mmene mungafufuzire mbiri ya ntchito ndi ya zisankho ya membala wa bodi ya sukulu ku United States

Ku United States sukulu za boma siziyendetsedwa kuchokera ku likulu la dziko. Malamulo aakulu a dzikolo sanaike maphunziro m'manja mwa boma la ku Washington, kotero chigawo chilichonse, chimene kumeneko amati state, chili ndi malamulo akeake, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwera madera a sukulu oposa 13,000, pafupifupi lililonse ndi bodi yake. Mabodi ambiri amakhala ndi mamembala 5, 7 kapena 9, ndipo anthu ochepa amenewa ndiwo amalemba ntchito mkulu woyendetsa sukulu zonse za m'deralo, yemwe amatchedwa superintendent, ndiwo amavomereza bajeti, amasaina mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la aphunzitsi, ndiponso amagamula sukulu yoti itsekedwe ana akachepa. Kholo limene likufuna kudziwa ngati munthu wokhala pa mpando woterowo akuyenera kupitiriza silingadalire kapepala ka kampeni kokha, chifukwa kapepalako kamalembedwa ndi mwini wake. Mbiri yeniyeni ili m'zikalata za boma zimene aliyense angawerenge, koma zikalatazo zili m'maofesi osiyanasiyana ndipo ziyenera kuwerengedwa pamodzi.

Choyamba ndi kudziwa dera la sukulu limene nyumba yanu ili, chifukwa malire a madera amenewa nthawi zambiri satsata malire a mzinda. Mzinda umodzi ukhoza kugawika m'madera a sukulu angapo, ndipo dera limodzi likhoza kuphatikiza matauni angapo. Dzina la dera limapezeka pa makalata a sukulu ya mwana wanu, pa chikalata cha msonkho wa nyumba ngati nyumbayo ndi yanu, kapena pa tsamba la intaneti la National Center for Education Statistics. Mukatero fufuzani mtundu wa mpando umene membalayo ali nawo. M'madera ena mamembala onse amasankhidwa ndi anthu a dera lonse, pamene m'madera ena dera limadulidwa m'zigawo zing'onozing'ono ndipo aliyense amaimira chakechake. Onetsetsaninso ngati bodiyo imasankhidwa n'komwe. Ku Boston meya ndiye wakhala akusankha mamembala kuyambira 1992, ku New York City sukulu zakhala pansi pa meya kuyambira 2002, ndipo ku Hawaii, kumene chigawo chonse ndi dera limodzi la sukulu, bwanamkubwa ndiye amasankha bodi kuyambira 2011. Ku Chicago anthu anavotera mamembala 10 mwa 21 koyamba mu Novembala 2024, otsalawo n'kuikidwa ndi meya. Membala woikidwa chotero alibe mbiri ya zisankho pa mpandowo, ndipo funso loyenera limakhala lakuti anamuika ndani komanso liti.

Zotsatira za chisankho cha bodi ya sukulu musazifunefune ku Federal Election Commission, popeza bungwe limenelo limayang'anira zisankho za mtsogoleri wa dziko ndi za nyumba ya malamulo ya dziko lonse basi. M'zigawo zambiri zotsatirazo zimasungidwa ndi ofesi ya zisankho ya kaunti (dera la boma laling'ono mkati mwa chigawo), imene imatchedwa county clerk, registrar of voters kapena board of elections malinga ndi malo. M'madera ambiri a chigawo cha New York chisankho chimayendetsedwa ndi dera la sukulu lenilenilo, ndiye wofunsidwa ndi kalaliki wa deralo. Nthawi ya chisankho nayonso imasokoneza anthu ambiri, chifukwa si ponse pamene chimachitika mu Novembala. Ku New York chimachitika Lachiwiri lachitatu la Meyi pamodzi ndi voti ya bajeti, ku Wisconsin Lachiwiri loyamba la Epulo, ku Illinois mu Epulo wa zaka zosagawika pawiri kupatula Chicago, ndipo ku Texas madera ena amavota Loweruka loyamba la Meyi pamene ena amadikira Novembala. Mukasakasaka m'zotsatira za Novembala zokha mukhoza kuganiza kuti munthu sanapikisanepo, chonsecho anapambana m'mwezi wina.

Pemphani zotsatira zotsimikizika, osati zimene zinalengezedwa usiku wa chisankho. Mavoti otumizidwa pa positi amawerengedwa kwa masiku angapo m'zigawo zina, ndipo pa mpando umene anthu ovota ndi ochepa kusiyana kwa mavoti makumi ochepa kukhoza kutembenuka. Tsamba la Ballotpedia limathandiza poyambira, makamaka pa madera akuluakulu, koma chiwerengero chilichonse chimene mwachipeza kumeneko chiyerekezeni ndi cha ku ofesi ya zisankho. Samalaninso ndi mayina ofanana, ndipo kumbukirani kuti munthu akhoza kukhala atapikisanapo kale ndi dzina lina asanalowe m'banja kapena asanasinthe dzina.

Pa chisankho chilichonse lembani chaka, mpando, mayina a opikisana onse, mavoti a aliyense, chiwerengero cha anthu amene anaponya voti ndi cha anthu olembetsa. Apa ndi pamene pafunika kudekha, chifukwa mawu akuti munthu wapambana katatu akhoza kubisa zinthu zosiyana kwambiri. Mamembala ambiri amalowa m'bodi poikidwa ndi anzawo pamene mpando wasiyidwa pakati pa teremu, kenako amapita ku chisankho ali kale pampando, dzina lawo likudziwika. Ambirinso amapambana popanda wopikisana naye, ndipo ku California mpando wotero kawirikawiri suonekera n'komwe pa pepala lovotera, chifukwa lamulo limalola kuti woimirayo angoikidwa ngati kuti wasankhidwa. Munthu akhoza kukhala zaka 12 pa bodi asanayesedwepo ndi ovota ngakhale kamodzi. Izi sizikutanthauza kuti ndi membala woipa, popeza ntchitoyi m'madera ambiri ilibe malipiro kapena ili ndi kandalama kochepa ndipo ofuna kuigwira amasowa, koma munthu wotero sangadzitamandire kuti anthu anamuvomereza kangapo.

Maperesenti nawo amanyenga pamene mipando ingapo ikupikisanidwa pa pepala limodzi. Tiyerekeze kuti mipando ndi itatu, opikisana ndi asanu, ndipo wovota aliyense akuloledwa kuchonga mayina atatu. Munthu amene wovota aliyense anamuchonga akhoza kuoneka ngati wapeza gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti onse, ndipo wowerenga mothamanga angaganize kuti anthu ambiri anamukana. Njira yolondola ndi kugawa mavoti ake ndi chiwerengero cha mapepala amene anaponyedwa, osati ndi mavoti onse ataphatikizidwa. Onaninso anthu angati anafika kumalo ovotera koma n'kusiya mpando wa bodi osachonga, zimene zimachitika kwambiri pamene chisankhochi chili pansi pa pepala lalitali la Novembala. Chisankho cha mu Epulo kapena Meyi chimakoka anthu ochepa kwambiri, ndipo pamenepo gulu laling'ono logwirizana, kaya ndi bungwe la aphunzitsi, kaya ndi gulu la makolo okwiya ndi nkhani imodzi, likhoza kugamula zotsatira. Ngati mavoti a membala asintha kwambiri pakati pa zisankho ziwiri, fufuzani kaye ngati tsiku la chisankho linasunthidwa kapena malire anadulidwanso musananene kuti anthu anamutaya kapena anamukonda. Ku New Jersey madera ambiri anasamutsira zisankho zawo ku Novembala lamulo la 2012 litalola, ndipo ku California madera ambiri anasiya kusankha mamembala m'dera lonse chifukwa cha California Voting Rights Act ya 2001.

M'zigawo zambiri dzina la chipani sililembedwa pa pepala lovotera la bodi ya sukulu. Ku Pennsylvania zipani zimachita zisankho zachipulula za mipando imeneyi, koma munthu mmodzi amaloledwa kupikisana ku zipani zonse ziwiri nthawi imodzi, choncho chizindikiro cha chipani pafupi ndi dzina lake sichinena zambiri. Ku Florida ganizo loti zisankhozi zikhale za zipani linalephera mu 2024 chifukwa silinafike mavoti 60 pa 100 amene amafunika. Chimene chimaonetsa bwino mbali imene munthu waima ndi ndalama za kampeni ndi magulu amene anamuvomereza poyera.

Malipoti a ndalama za kampeni amaperekedwa ku ofesi ya zisankho ya kaunti, ku dera la sukulu kapena ku bungwe la chigawo loona za ndalama za ndale, malinga ndi lamulo la kumeneko. Ku California lipoti latsatanetsatane ndi Form 460, ndipo woimira amene sakufika 2,000 dollars amapereka Form 470, kachikalata kakafupi. Mukapeza lipoti, musangoyang'ana ndalama zonse pamodzi, koma werengani mayina a opereka ndi ntchito zawo, ndipo muone ngati pakati pawo pali makampani omanga, oyendetsa mabasi kapena ogulitsa mabuku amene amachita malonda ndi dera la sukululo. M'mizinda ikuluikulu monga Los Angeles ndalama zambiri sizidutsa m'manja mwa woimira, koma zimagwiritsidwa ntchito ndi magulu odziimira paokha, makamaka bungwe la aphunzitsi ndi ochirikiza sukulu za charter (sukulu zolandira ndalama za boma koma zodziyendetsa zokha), ndipo ndalama zimenezo zili m'malipoti ena apadera. Kuvomerezedwa ndi nthambi ya National Education Association kapena American Federation of Teachers, omwe ndi mabungwe a aphunzitsi, kapena ndi gulu la makolo ngati Moms for Liberty lomwe linayamba ku Florida mu 2021, kumakuuzani amene ankayembekezera kuti munthuyo adzawamvera. Ngati anawamveradi, mudzaziona m'mavoti ake a m'bodi.

Za ntchito imene munthuyo anagwirapo asanalowe m'bodi, yambani ndi zimene iye mwini analemba polembetsa kupikisana, mayankho amene anapereka ku nyuzipepala ya m'deralo kapena ku League of Women Voters, bungwe lodziwitsa ovota za opikisana, ndi mbiri yake pa tsamba la dera la sukulu. Kenako tsimikizirani chimodzichimodzi. Wodzitcha mphunzitsi ayenera kupezeka m'kaundula wa ziphaso za aphunzitsi wa chigawocho, amene m'zigawo zambiri ali poyera pa intaneti ndipo amaonetsa ngati chiphaso chikugwirabe ntchito kapena chinalandidwa. Maloya, anamwino ndi owerengera ndalama nawonso ali ndi makaundula awo. Wodzitcha mwini bizinesi amapezeka m'kaundula wa makampani ku ofesi ya Secretary of State ya chigawocho. Mawu ngati katswiri wa maphunziro kapena mtsogoleri wa m'dera alibe kaundula, ndiye afunseni kuti ntchitoyo anaigwira kuti, kwa zaka zingati, ndipo ankayang'anira chiyani. Zigawo zambiri zimafunanso kuti membala aulule chuma chake ndi komwe amapeza ndalama, monga mmene Form 700 imachitira ku California. Chikalata chimenechi n'chofunika pofufuza ngati membala anavotera nkhani imene iye kapena banja lake akanapindula nayo m'malo modzipatula.

Gawo lolemera kwambiri la kafukufukuyu, ndiponso limene anthu ambiri amalidumpha, ndi maminitsi a misonkhano. Chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakuti mabodi a boma azikumana poyera, monga Brown Act ya ku California ya 1953, imene imalamula kuti ajenda ya msonkhano wanthawi zonse ikhomedwe maola 72 msonkhano usanayambe. Madera ambiri amaika ajenda, zikalata zake ndi maminitsi pa intaneti, ena kudzera pa BoardDocs, tsamba losungira zikalata za mabodi, ndipo ambiri amasunganso makanema a misonkhano. Yambani ndi chinthu chapafupi, kuwerenga misonkhano imene membalayo anafika ndi imene anajomba m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Mukatero mudzaona kuti mavoti ochuluka zedi amadutsa onse atavomereza, makamaka nkhani zamasiku onse zimene zimamangidwa mtolo umodzi wotchedwa consent agenda n'kuvoteredwa kamodzi popanda kukambirana. Mavoti amenewo sanena zambiri za munthu, ngakhale kuti membala amene nthawi zina amasolola nkhani mu mtolowo kuti ikambidwe payokha amaonetsa kuti zikalata amaziwerenga.

Mavoti oyenera nthawi yanu ndi amene bodi inagawanika, ndi amene anakhudza zinthu zikuluzikulu. Pezani tsiku limene superintendent analembedwa ntchito, kuwonjezeredwa kontrakiti kapena kuchotsedwa, chifukwa chimenecho ndicho chigamulo chachikulu koposa chimene bodi imapanga. Pezani mavoti a bajeti ya chaka chilichonse, a mgwirizano ndi aphunzitsi, a kutseka kapena kuphatikiza sukulu, a kusintha malire a sukulu imene mwana ayenera kupitako, a kusankha mabuku ophunzitsira kuwerenga ndi masamu, ndi a kupempha anthu kuti avomereze ngongole yomangira kapena kukweza msonkho wa nyumba. Nkhani za ndalama zimalemera chifukwa ndalama za sukulu zimachokera makamaka ku chigawo ndi ku msonkho wa m'deralo, pamene boma la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi m'zaka zambiri. Ngati membalayo anali pampando kuyambira 2020, onani mmene anavotera pa kutsegulanso sukulu ndi pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za ESSER, zimene boma linapereka pa nthawi ya mliri wa COVID-19 ndipo zinali zakanthawi. Bodi imene inalemba antchito okhazikika podalira ndalama zakanthawi inadzisiyira dzenje m'bajeti, ndipo n'koyenera kudziwa amene anachenjeza ndi amene anakhala chete. Maminitsi ambiri amangolemba kuti wakuti anavomera, wakuti anakana, osalemba chifukwa, ndiye pa voti iliyonse yofunika onerani kanema wake kuti mumve zimene munthuyo ananena ndi mafunso amene anafunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi imafuna madzulo angapo.

Ndikuona kuti pamenepa mpamene wofufuza ayenera kukhala wachilungamo kwambiri. Membala mmodzi alibe mphamvu payekha, sangalamule mphunzitsi wamkulu, sangachotse mphunzitsi, ndipo voti yake ndi imodzi pakati pa zingapo. Kukwera kapena kutsika kwa zotsatira za mayeso m'dera kumadalira zinthu zambiri, kuphatikizapo umphawi wa mabanja, kusamuka kwa anthu ndi kusintha kwa mayeso enieniwo, kotero n'kulakwa kumupatsa membala mmodzi ulemu wonse kapena mlandu wonse. Chimene mungamuweruze nacho ndi ichi: kodi zimene analonjeza pa kampeni anazibweretsapo m'bodi, kodi anavota mogwirizana ndi zimene ananena, ndipo pamene anasintha maganizo anafotokoza chifukwa chake poyera? Munthu amene nthawi zonse amakana yekha akhoza kukhala wolimba mtima, koma akhozanso kukhala wolephera kukopa anzake, ndipo kanema ndiye amasiyanitsa ziwirizi. Dziwaninso kuti nkhani za antchito, za milandu ndi za chilango cha ophunzira zimakambidwa m'chipinda chotseka monga lamulo limalolera, choncho kusowa kwa zokambirana zotero m'maminitsi si umboni wa chinyengo.

Chikalata chimene sichili pa intaneti mukhoza kuchipempha polemba kalata ku dera la sukulu. Lamulo la boma lalikulu la Freedom of Information Act siligwira ntchito pa madera a sukulu, ndiye tchulani lamulo la chigawo chanu, monga Public Information Act ku Texas, Freedom of Information Law ku New York kapena Right-to-Know Law ku Pennsylvania. Pempho likhale lolunjika, lotchula mtundu wa chikalata ndi nyengo yake, mwachitsanzo malisiti a maulendo amene dera linalipirira membalayo m'chaka chakutichakuti, chifukwa pempho lofuna zonse zokhudza munthu limachedwa ndipo likhoza kukudyerani ndalama. Ku New York ndi ku Pennsylvania ofesi iyenera kuyankha koyamba m'masiku asanu ogwira ntchito, ku California m'masiku 10, koma yankho loyamba likhoza kukhala longokudziwitsani kuti afuna nthawi ina. Zigawo zochepa, monga Virginia, zimapereka ufuluwu kwa nzika za chigawocho zokha, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza zimenezi mu 2013 pa mlandu wa McBurney v. Young. Zikalata za ophunzira simungapatsidwe, chifukwa lamulo la FERPA la 1974 limaziteteza.

Mukamva kuti membala anadzudzulidwa ndi bodi kapena kuti anthu anafuna kumuchotsa pampando, tsatirani nkhaniyo mpaka kumapeto kwake. Kudzudzula kwa bodi ndi chigamulo cha anzake chosonyeza kusakondwa, ndipo pakokha sikuchotsa munthu pa udindo. Pempho lochotsa membala limayamba ndi anthu ochepa, ndipo ambiri mwa mapempho otero amafera panjira osapeza masiginecha okwanira. Ena amafika ku voti n'kupambana, monga zinachitikira ku San Francisco mu Febuluwale 2022 pamene mamembala atatu anachotsedwa, koma si zigawo zonse zimene zimalola njira imeneyi. Zimene mwawerenga pa Facebook kapena m'makalata a kampeni ya wopikisana naye zitengeni ngati poyambira kufufuza, osati ngati umboni.

Mukasonkhanitsa zonsezi, mulembereni membalayo pa adiresi ya imelo ya udindo wake, mumufunse mwaulemu za voti imodzi kapena ziwiri zimene simunazimvetse, mukutchula tsiku la msonkhano. Mukhozanso kulankhula pa nthawi imene bodi imapereka kwa anthu pa msonkhano, yomwe kawirikawiri imakhala mphindi ziwiri kapena zitatu munthu aliyense, ngakhale kuti mamembala nthawi zambiri sayankha pomwepo. Ana ake, kunyumba kwake ndi umoyo wake sizili m'kafukufukuyu, ndipo ngati mukufuna kugawana ndi makolo ena zimene mwapeza, nenani zokhazo zimene muli ndi chikalata chake.

Kuwerenga maminitsi, kuonera misonkhano ndi kufunsa mafunso sikufuna kuti mukhale nzika ya United States, koma kuvota kumafuna. Malo ochepa kwambiri ndiwo amalola anthu osakhala nzika kuvotera bodi ya sukulu, monga San Francisco, kumene ovota anavomereza mu 2016 kuti makolo otero azivota pa chisankho cha bodi chokha. Kunja kwa malo oterowo, munthu wosakhala nzika amene walembetsa kapena kuvota amapalamula mlandu umene ukhoza kumulepheretsa kupeza unzika ngakhalenso kumuthamangitsitsa m'dzikolo, ngakhale atakhala ndi green card, chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika. Amene ali nzika afunse ku ofesi ya zisankho ya kaunti tsiku lomaliza kulembetsa ndi tsiku la chisankho cha bodi yawo, ndipo apemphe chitsanzo cha pepala lovotera kuti aone ngati mpando wa membalayo ukupikisanidwa chaka chino, popeza mipando ya bodi imodzi simatha nthawi imodzi ndipo teremu imakhala zaka zitatu kapena zinayi m'madera ambiri.